Wochoka m'tauni amayesedwa mu Febuluwale

"Ine ndikangopuma pantchito, wakumudzi basi." Mawu amenewa timawamva m'maminibasi, m'maofesi, ngakhale pamaliro anthu akamaotha moto usiku. Kale ankalankhula chonchi ndi madoda oyandikira penshoni, koma lero ngakhale mabanja a mwana mmodzi ayamba kuwerengera. Lendi ikukwera, mayunitsi a magetsi sachedwa kutha, mtengo wa thumba la makala ukuchititsa munthu kupumira m'mwamba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a ambiri ali pomwepo. Ndiye munthu akamva kuti ku Mitundu, ku Lunzu kapena ku Ekwendeni kukupezeka malo, mtima umathamangira komweko: kukalima zake, kukaweta zake, kuleka kugula ngakhale mpiru wa pa tebulo la pamsika.

Maganizo amenewa ine ndimawalemekeza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi, choncho wopita kumeneko akupita kumene kuli mtundu wonse. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kudzidalira kumene munthu amakuona m'maganizo ali ku Area 25 kapena ku Ndirande n'kosiyana ndi kumene akakupeze. Wam'tauni akamva za kukonzekera ngozi amaganiza zogula: sola, thanki ya madzi, mpanda wa njerwa. Zonsezi n'zothandiza, koma zimabwera pambuyo pa zinthu ziwiri zosapezeka m'sitolo, zomwe ndi kudziwa kayendedwe ka chaka ndi kulandiridwa ndi eni mudzi.

M'tauni moyo umayenda mwezi ndi mwezi. Ukalakwitsa bajeti umapirira masiku angapo, malipiro n'kutuluka. Munda umalipira kamodzi pachaka. Wosamuka mu Ogasiti adzadzala mvula ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, adzalawa mondokwa mu Malichi, ndipo chimanga chouma chopita nacho kuchigayo adzachiona mu Epulo kapena Meyi. Miyezi yonseyo banja likudya chiyani? Komanso chaka choyamba sichikomera mlendo kawirikawiri: nthaka sanaidziwe, aganyu okhulupirika sanawadziwe, mizere yachedwa. Ine ndimati munthu asanyamuke opanda chakudya kapena ndalama zomufikitsa chaka chathunthu ndi theka, awerengere ngati kuti mundawo kulibe. Nthawi yabwino yosamuka ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene chimanga chatsika mtengo, misewu yauma, ndipo pali mpata woumba njerwa, wokonza manyowa ndi wogalauza.

Mwezi woopsa ndi Febuluwale. Nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, chimanga cha m'munda chikungomasula kumene, mtengo wake pamsika uli m'mwamba, malungo ali ponseponse, mitsinje yadzaza, milatho ina yapita. Mavuto amene m'tauni amabwera limodzilimodzi, kumudzi amafikira pamodzi mwezi umenewu. N'chifukwa chake chilichonse chimene mukukonza muzichifunsa funso ili: kodi chidzandithandiza chiyani mu Febuluwale, usiku, mvula ikugwa, msewu utaduka?

Za malo sinditalikitsa, ngakhale milandu yake ndi yaitali. Malo ambiri akumudzi ndi a makolo, ali ndi eni ake ngakhale aoneke tsala. Kumadera a chikamwini a m'chigawo chapakati ndi chakumwera munda umatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ali ndi mawu. Kumpoto komanso kwa Asena ku Nsanje ndi Chikwawa umatsata kuchimuna. Bambo womanga ya malata kwawo kwa mkazi, kapena mayi womanga kwawo kwa mwamuna, akambirane poyera akadali moyo onse kuti wina akatsogola, wotsalayo ndi ana adzakhala pati. Wolandira malo kwa munthu mmodzi, abale ake osadziwa, walandira mlandu. Amfumu adziwe, abale a woperekayo akhalepo, oyandikana nawo ayende nanu malire onse, ndipo mudzalemo khonje kapena mitengo tsiku lomwelo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yolembetsera malo a makolo kudzera m'makomiti a kwa gulupu; ku ofesi ya za malo kwa DC akhoza kukuuzani ngati ntchitoyi inafika kudera lanulo.

Posankha pomanga, funsani nkhalamba musanafunse mmisiri. Malo okongola a m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa dambo, amene mukudabwa kuti bwanji palibe wamangapo, kawirikawiri ali ndi mbiri yake. Madzi saiwala khwawa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ku Phalombe. Patatha zaka 32, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala ku Phalombe komweko, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi pa Soche mu Blantyre. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Mukaona miyala ikuluikulu yobalalika m'munda wa m'tsinde mwa phiri, dziwani kuti sinamere pamenepo, inatsika. Kuchigwa cha Shire funsani pamene madzi a 2015 analekezera, adzakulozerani pamtengo kapena pakhoma la sukulu. Nyumbayo ikhale ndi maziko okwera, pulasitiki pamwamba pa maziko, mkuzi wolimba, khonde lotchinga khoma ku mvula, ndi denga lomangiriridwa kukhoma ndi waya, pakuti chaka chilichonse mvula yoyamba ya mphepo imasasula madenga ambirimbiri. Mkuziwo ndi womwewo umagwira nyumba pa chivomerezi, ngati chimene chinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009. Udzu ukauma, lambulani kuzungulira nyumba, khola ndi nkhokwe, chifukwa moto wa osaka mbewa sufunsa kuti mundawu ndi wa yani.

Tsopano chakudya, pamene pagona nkhani yonse. Boma ndi mabungwe akamagawa chimanga pa nthawi ya njala amapereka thumba la makilogalamu 50 pabanja pamwezi, ndipo aliyense amene analandirapo akudziwa kuti limenelo ndi longogwiriziza moyo. Mwa kuwerengera kwanga, banja la anthu 6 lodya phala m'mawa ndi nsima kawiri patsiku lisayembekezere kudutsa chaka ndi matumba osakwana 18. Apo sitinawerengere alendo, ufa wa kumaliro, aganyu amene adzakana ndalama n'kupempha chimanga, ndi nkhuku. Wanzeru amasunga 25. Ufa woyera umadya thumba msanga, chifukwa gawo lina limapita ku madeya pokonola. Mgaiwa umatalikitsa thumba ndiponso umapatsa thanzi kuposa woyerawo, ngakhale ana okulira m'tauni ayambe aukana masabata oyamba.

Alangizi amalangiza mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi paphando, njira imene alimi amangoitcha Sasakawa. Pa ekala imodzi pamafunika thumba la feteleza wokulitsa ndi lina la wobereketsa, ndipo wobereketsayo athiridwe patatha pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera. Musaike mtima pa zipangizo zotsika mtengo za boma: mayina amalembedwa kale, ndipo wobwera kumene sayenera kudabwa akapanda kupezekamo. Gulani feteleza mu Julayi kapena Ogasiti ndalama zikadalipo. Ndipo yambani chaka choyamba chomwecho kuchepetsa ukapolo wa feteleza. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono n'kuvundikira masiku 21, atambasula thumba limodzi kwa alimi ambiri. Mapesi asatenthedwe. Nandolo, mtedza ndi soya zisinthane ndi chimanga. Mukapeza mtengo wa nsangu m'munda musaudule, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya mvula, sutchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chimaoneka chokha. Kaufiti akachuluka, nthakayo ikukuuzani kuti yatopa.

Cholakwa chachikulu cha wam'tauni ndi kudzala chimanga chokhachokha, cha mtundu umodzi, tsiku limodzi. M'chaka cha ulimi cha 2023/24 El Niño anabweretsa ng'amba pamene chimanga chinkafuna madzi kwambiri, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munda wa chimanga chokha ukapsa wapsa wonse. Gawani: mbali ina mbewu yocha msanga monga Kanyani, mbali ina yochedwa koma yobereka kwambiri monga Njovu ngati dera lanu lili ndi mvula yokwanira, kwinaku kachigawo ka chamakolo, chimene sichifumbwa msanga. Kenaka chinangwa. Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka. Chimapirira ng'amba, chimadikira mpaka mutachifuna, masamba ake ndi chigwada, ndipo anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota akhala pa kondowole mibadwo yonseyi. Chowawa chiyenera kuviikidwa ndi kuyanikidwa bwino, pakuti chosakonzedwa chili ndi poizoni wakupha. Mbatata imapereka kholowa miyezi ya njala isanapereke mbatata yeniyeniyo. Kumadera otentha mapira ndi mchewere sizinataye ntchito. Ndipo amene ali ndi dimba, ngakhale laling'ono lothirira ndi keni, amakolola kawiri pachaka pamene anzake akukolola kamodzi. Chiyambire 2017 ntchemberezandonda zakhala mlendo wa chaka ndi chaka, choncho munda umafuna kuyenderedwa m'mamawa, kusuzumira m'kati mwa nsonga za chimanga, mbozi zikadali zazing'ono.

Kukolola ndi theka la ntchito. Nankafumbwe angathe kusandutsa thumba kukhala fumbi miyezi yochepa, ndipo chimanga kapena mtedza wosungidwa usanaume umachita chuku, chimene poizoni wake amaononga chiwindi mwakachetechete. Yanikani pa lona kapena pamkeka, osati padothi. Pofuna kudziwa ngati chauma, ikani njere zingapo m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi. Matumba a PICS, a zigawo zitatu osalowa mpweya, amapha nankafumbwe popanda mankhwala, bola makoswe asawaboole. Asanjikeni pa matabwa, osagunda khoma. Ambiri masiku ano amasunga chimanga m'nyumba momwe amagona chifukwa cha akuba, ndipo musaone ngati n'zachilendo. Chimene chimandiwawa chaka ndi chaka ndi kuona munthu akugulitsa kwa mavenda mu Meyi pa mtengo wolira, n'kukagulanso chimanga chomwecho mu Febuluwale pa mtengo wokwera kwambiri. Matumba a chakudya asakhudzidwe. Za fizi ndi za sopo zichokere ku soya, mtedza kapena mbuzi. Ndipo amayi a m'mudzimo akamafutsa nkhwani, chitambe ndi khwanya n'kumanga m'zikwatu, pitani mukaphunzire. Mu Okutobala, dzuwa litaotcha zonse, mfutso wotendera nsinjiro ndiwo umadyetsa nsima.

Madzi. Mjigo si wa boma monga mmene ambiri amaganizira. Uli ndi komiti yake, ndipo ndalama yochepa imene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi ndiyo imagula timarabala ndi zitsulo ukaonongeka. Sonkhani mosanyinyirika, ndipo dziwani kumene kuli mjigo wachiwiri. Wokumba chitsime chake achikumbe kumapeto kwa chilimwe, madzi ali pansi penipeni, apo ayi chidzauma chaka chomwecho. Chimbudzi chikhale kumunsi kwake, mamita osachepera 30. Denga la malata ndi chitsime china: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, kotero mvula ya mamilimita 20 pa denga la masikweya mita 60 ndi malita 1,200 amene ambiri amangowaonerera akukumba ngalande pabwalo. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, mliri waukulu kuposa yonse ya kolera imene dziko lino linaionapo. Nthawi ya mvula madzi akumwa athiridwe klorini kapena WaterGuard, kapena aphitsidwe. Mapaketi a Thanzi asasowe m'nyumba. Akasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwiriziza wodwala ali pa ulendo wa kuchipatala.

Ulendo wa kuchipatalawo ndiwo muyenera kuuyenda musanadwale. Ndi makilomita angati? Pali mtsinje panjira? Ukadzaza, njira ina ndi iti? Munthu wokhala m'tauni zaka zambiri, makamaka ana obadwira komweko, malungo amatha kuwagwira mwamphamvu kuposa eni dera, choncho masikito ndi a usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo, osayamba mwamugulira mankhwala pa okala. Mudziweni mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Ambiri mwa iwo ali ndi kachipatala ka m'mudzi ka ana osakwana zaka zisanu. Odwala shuga, kuthamanga kwa magazi ndi amene ali pa ma ARV asamutse makalata awo bwinobwino, ndipo mvula isanayambe akambirane ndi achipatala za mankhwala okwanira. Mayi woyembekezera apite kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira katemera, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichira. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini, asamangidwe chingwe chothina. Agone phee, anyamulidwe. Chipatala cha pa Foni chimapereka uphungu kwaulere, koma pamafunika foni ya moto ndi malo ogwira netiweki, ndipo malo amenewo, kaya ndi pachulu kaya paphiri, mwana aliyense wa m'nyumbamo awadziwe.

Za magetsi n'zachidule. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo a m'tauni ndiwo analira kwambiri. Kumudzi sola yaing'ono yoyatsa mababu angapo, kutchaja foni ndi kuimba wailesi imakwanira poyambira. Vuto lenileni ndi nkhuni: dzalani mitengo yanu dzinja loyamba, phikirani pa chitetezo mbaula, sungani nkhuni zouma pansi pa denga mvula isanagwe. Ziweto ndiye banki. Nkhuku zachikuda zilandire katemera wa chitopa wodonthezera m'diso miyezi itatu kapena inayi iliyonse, apo ayi khola lonse limatha sabata imodzi. Nkhumba zili ndi phindu, koma chigodola chilibe mankhwala, ndiye musaikepo penshoni yonse. Mbuzi ndiyo imagulitsika msanga tsiku la vuto. Sungani ndalama pang'ono m'manja kuwonjezera pa za mu Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa netiweki ikagwa kapena ejenti akasowa ndalama, za m'fonizo sizilipira njinga. Kulowa banki m'khonde kumateteza ku katapila.

Zonsezi munthu angazichite bwinobwino n'kulepherabe, ngati wafika m'mudzi ngati wodzakhala payekha. Ndaonapo nyumba zokongola za mpanda wautali ndi geti lachitsulo, eni ake odziwika ndi galimoto yokha, osadziwika dzina. Kumudzi kulibe ozimitsa moto, apolisi ali kutali, ambulansi imachedwa kapena siifika. Denga likayaka amabwera ndi ndowa ndi anansi. Mbuzi ikabedwa amatsata mapazi ndi anansi. Amene amadziwa kuti mtsinje uwu ukamveka kulira chakumtunda musawoloke ngakhale pano kusanagwe mvula, ndi anansi. Ndipo m'mudzi muli kaundula wosalembedwa wa amene amapezeka pa mavuto a anzake. Maliro akachitika, khasu limagona, ntchito imaima. Bambo akakhale ndi amuna anzake, agone pomwepo ngati angathe, mayi apite ndi ufa ndi nkhuni kumene akuphika, chipepeso chiperekedwe. Kutumiza ndalama pafoni uli m'nyumba mwako pamtunda wa mamita 200 n'kunyoza, ngakhale woperekayo asadziwe. Chitukuko chikaitanidwa, kaya kuumba njerwa za sukulu kaya kukonza msewu, pitani ndi manja anu.

Pali mbali ina yovuta imene sindikufuna kuibisa. Wochokera m'tauni amaonedwa ngati wolemera, ndipo mu Januwale pakhomo pake sipatha anthu: wofuna ganyu, wobwereka, wopempha mbale ya ufa. Kukana onse n'kudzitsekera kunja kwa mudzi. Kuvomera onse n'kupezeka nanunso mulibe mu Febuluwale. Njira imene ine ndimaiona yolungama ndi kupatuliratu matumba angapo a zimenezi pokolola, kulipira ganyu mwachilungamo ndiponso tsiku lomwelo, osachita kubera waganyu chifukwa njala yamugwira pakhosi, ndi kukumbukira kuti tsiku limene akupalira m'munda mwanu, wake ukudyedwa ndi udzu. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo luso la m'tauni, kaya kulemba kalata ya ku khonsolo, kusunga mabuku a komiti ya mjigo kapena kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, ndi mphatso yeniyeni kwa mudzi. Koma kalumoko kamalandiridwa kuchokera kwa munthu amene anayamba wamvetsera pabwalo chaka chathunthu asanayambe kuwongola anzake.

Ngakhale machenjezo a boma amayenda pa miyendo ya anthu. Nthambi ya zanyengo imalengeza pawailesi, nthambi yoona za ngozi ya DoDMA imatumiza uthenga kumakhonsolo, koma wofika pakhomo panu usiku ndi wa m'komiti ya ngozi ya m'mudzi, ndi wenzulo kapena chimkuzamawu, ndipo amagogoda pamakomo amene akuwadziwa. Funsani amfumu kuti komitiyo ndi ndani, ndiponso kuti madzi akabwera anthu amathawira pa sukulu kapena tchalitchi chiti. Yendani njirayo ndi ana masana, mugwirizane wonyamula agogo ndi womasula mbuzi. Akati samukani, samukani nthawi yomweyo, katundu asakubwezeni.

Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, ntchito zotsalira zimakhala zochepa koma zosayenera kudikira: kukwera padenga kuona misomali ndi waya, kutsegula ngalande, kuwerenganso matumba, kuyesa tochi ndi wailesi. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, makalata a malo ndi masatifiketi a ana zikulungidwe m'pulasitiki, zikhale m'chikwama chimodzi chopachika pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi machesi, mankhwala a masiku angapo ndi mbewu pang'ono. Nambala za anthu awiri a njinga zamoto, ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya amfumu zilembedwe ndi makala kapena choko pakhoma la m'nyumba, pamene mwana angawerenge, chifukwa foni yosungamo nambalazo ikhoza kukhala itazima.